Anayankha Odi ku Doha

Kutada, Madamu anatuluka ndi ana kukagula zovala za phwando la Halowini. Walije, wantchito wa m'nyumbamo, anatsala yekha akuumba timipira ta chokoleti n'kumatigubuduza mu ufa wa koko. Atanyamula thireyi kuti akaike mufiriji ya panja, anamva mawu pakhomo.

"Odi!"

"Lowani," anayankha mwachizolowezi. Kenako anadabwa. Ku Fereej Al Murra kuno ndani amaodira?

Chitseko sichinatseguke, koma chibakera chosaoneka chinamutera pakamwa, mutu n'kumenyetseka kukhoma. Anagwa pansi akulavula magazi, lilime likufufuza dzino lakutsogolo. Panalibe.

Kampira kena kanasweka pafupi ndi nkhope yake. M'kati mwake munali dzinolo.

Kumbuyo kwake wina ankatafuna. Panja, enanso anayamba kuodira.