Imelo ya Tusekile Imene Inayankhidwa ndi Mitengo ya Kapeti

Panali munthu wina ku Karonga, dzina lake Kenan, wochokera ku Mlare. Amene anandiuza nkhaniyi, tikudikira galimoto pa Songwe, analumbira kuti ndi yoona.

Kenan ankatsuka makapeti. Anali ndi makina amodzi ogula ku Tanzania, ndipo ankazungulira nawo m'maloji, m'matchalitchi ndi m'maofesi limodzi ndi mnzake Gregory. Mkazi wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi, Tusekile. Mwanayo atakula anakwatiwa ndi Imran, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi sitolo pa Songwe. Kenan anakwiya, ku ukwati sanapite. Tusekile akaimba foni, ngakhale yobwereka, bamboyo ankadula akangomva mawu ake.

Koma mumtima ankamusowa. Ankauza Gregory kuti, "Akangopepesa, ine mawa lomwe ndili pa Songwe." Anadikira zaka zitatu.

Pa chikwangwani cha bizinesi panali imelo, ndipo anthu ankalemba kufunsa mitengo. Ambiri ankangofunsa osabweranso. Kenan anatopa nazo. Analemba yankho limodzi n'kulisunga mufoni: "Zikomo kasitomala. Kapeti yaing'ono K15,000, yaikulu K30,000. Mitengo sitichepetsa." Imelo ikafika, ankangoona mzere woyamba, n'kumata yankho lija, basi.

Gregory anamuchenjeza. "Achimwene, muziwerenga mpaka kumapeto. Wina amafotokoza za dontho, wina za tsiku limene akufuna."

"Iwe, ndiwerenge makalata kapena nditsuke kapeti? Onsewa nyimbo yawo ndi imodzi, zingati zingati."

"Tsiku lina mudzataya kasitomala wamkulu."

"Wamkulu amabwera ndi miyendo yake."

Nthawi imeneyo Tusekile anali woyembekezera, ndipo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ankadziwa kuti bambo ake akaona dzina lake pamwamba afufuta osatsegula. Ndiye anagwiritsa ntchito imelo ya sitolo, n'kuyamba ngati kasitomala: "Kodi kutsuka kapeti ya pabalaza ndi zingati?" M'munsi mwake ndi mmene analembamo za kumtima.

Kenan anaona mzere woyamba, n'kumata mitengo.

Patapita masiku anayi inafika ina, yoyamba chimodzimodzi. Anamatanso. Yachitatu itafika anakwiya, n'kuwonjezera mawu akeake: "Ngati simukufuna, musatitayitse nthawi."

Lachinayi masana Kenan akuyanika makapeti pampanda, panafika mwamuna wa kofia yoyera, maso ali psuu. Anaima chapatali.

"Odi, bambo. Ndine Imran."

Kenan anapitiriza kukwecha kapeti ina ndi burashi. "Wasochera?"

"Tusekile watisiya dzulo m'mawa. Mwana wabadwa, wamkazi, ali moyo."

Burashi inagwa pansi. "Ukuti chiyani iwe? Maliro ali kuti? Gregory, tseka, tiyeni!"

"Tinaika dzulo lomwelo, bambo. Mwambo wathu sutilola kugoneka maliro. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, mumadula."

"Nanga iye osandiuza kuti akudwala? Ine bambo ake?"

Imran sanakweze mawu. "Anakuuzani katatu."

Kenan anatulutsa foni. Anatsegula imelo yoyamba ija, n'kutsitsa m'munsi.

"Adada, ndine Tusekile. Pepani kuti ndayamba chonchi, ndimafuna mutsegule. Ndinakulakwirani pochoka osatsanzika bwino, mundikhululukire. Ndili m'chipatala ndipo ndikuopa. Bwerani mudzangokhala pambali panga."

Yachiwiri inali yaifupi. "Adada, mwina simunawerenge m'munsi. Ndine Tusekile. Ndikudikirabe."

Yachitatu inali ndi mawu awiri okha pansi pa funso lija: "Adada, chonde."

Pansi pa iliyonse panali yankho lake. Yaing'ono K15,000, yaikulu K30,000.

Anakhala pansi m'matope a madzi a sopo. Gregory anayesa kumudzutsa, anakanika. Patapita nthawi, Kenan anafunsa chapansipansi.

"Yankho lomalizali analiwerenga?"

"Analiwerenga, bambo."

"Anati chiyani?"

"Ine ndinakwiya, ndinafuna kubwera kuno kudzakuyankhulani. Iye anandigwira dzanja. Anati, 'Asiye. Bola akuyankha, ndiye kuti adada ali bwino.'"

Anthu odutsa pamsewu anaima, kudabwa kuona bambo wamkulu akulira mokuwa pakati pa makapeti a eni ake.

Phunziro: Kale kalata inkabwera mu envulopu, tinkaiwerenga kawiri, n'kuisunga m'sutikesi. Lero timayankha tisanamve zimene munthu wanena. Wa bizinesi, uthenga uliwonse walembedwa ndi munthu, uwerenge mpaka mzere womaliza. Ndipo iwe amene ukudikira kuti m'bale wako ayambe ndi iyeyo kupepesa, fufuza bwino, mwina anapepesa kale. Nkhaniyi usangowerenga wekha, itumize kwa aliyense amene akudula foni ya mwana wake.