Chithunzi cha Pachiliza

"Ndingofuna chithunzi chimodzi choika pachiliza," anatero Rosina, akupereka laputopu ya malemu mwamuna wake kwa Sheila, wokonza makompyuta m'tauni ya Chipata.

Sheila atangoiyatsa, panatulukira zotsatsa mankhwala a khansa. Anatsegula pena, n'kuwerenga.

"Amai, a Wilbroad anadwala nthawi yaitali?"

"Milungu itatu basi."

Koma kompyutayo inkanena zina. Inasunga zonse zimene bamboyo ankaifunsa kwa zaka ziwiri: za chotupa cha m'chiwindi, za miyezi imene inamutsalira, ngakhale za mmene munthu angauzire mkazi wake. Maulendo amene ankati ndi a ku Tamanda kokagula nsawa anali a kuchipatala.

"Makinawa amatumiza zonsezi kwa eni ake kunja," anatero Sheila motsitsa mawu.

Rosina anagwirira tebulo. Anthu osamuonapo n'komwe ankadziwa, pamene iye, wogona naye limodzi, ankangomuphikira phala poyesa n'zilonda za m'mimba.

Kenaka pa akaunti ya malemuyo panabwera uthenga: "Takulandiraninso, Wilbroad."

"Eni ake aja sakudziwa kuti anamwalira," anatero Sheila. "Ndiwadziwitse kuti atseke akauntiyi?"

"Musawauze," anayankha Rosina, misozi ili chuchuchu. "Chimenechi chokha ndayamba kudziwa ndine."