Mbale Zitatu za Tuni

Tuni, mphaka wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anaima pakona ya khitchini atayang'ana kukhoma, akulira ngati mwana wotayika pamsika.

Shefali anali atangofika kwa bambo ake kuchokera ku mzinda wa Dhaka, dengu lili m'manja. Anabwera kudzamutenga kuti dokotala akamubaye jakisoni womugonetsa mpaka kalekale.

"Ukumumva wabodzayu?" anatero bambo ake, a Anowar, akuseka. "Amadya, n'kuiwala kuti wadya. Mutu unatha uwu."

Anatenga mbale, n'kuikamo mpunga ndi mutu wa nsomba.

"Ababa, mwamupatsa kale."

"Ine? Liti?"

Shefali analoza pansi. Pafupi ndi chitseko panali mbale ziwiri, ina mpunga wake ukadali wofunda.

A Anowar anaziyang'ana nthawi yaitali. Kuseka kuja kunazima. Anawerama pang'onopang'ono, n'kumutembenuza Tuni kuti asiye kuyang'ana khoma.

"Akasochera chonchi umangomutembenuza, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Osamukalipira. Sachitira dala."

Shefali anakankhira dengu lija pansi pa tebulo ndi phazi.

"Ndamva, Ababa. Mupatseni, adye."