Bafa la Chitalu

"Ba mulamu, fulumirani. Madamu anga akulowa m'nyumba muno Loweruka," anatero Chitalu ataima pakhomo la bafa, makiyi akulira m'manja.

Nora sanadzutse mutu. Anali chogwada pambali pa simenti yaiwisi, m'nyumba ya ku Makandanyama imene iye ndi malemu mwamuna wake, Elijah, anaumbira okha njerwa. Maliro atangotha, Chitalu, mng'ono wa Elijah, analanda makiyi. Lero wamuitana ngati waganyu kuti amuikire matailosi.

"Akulu anga ankati ntchitoyi mumaitha kuposa iwo."

"Anandiphunzitsa bwino," anayankha Nora.

Anamuphunzitsadi kuti pansi pa bafa pazipendekera kudzenje lotulukira madzi. Nora anatapa simenti, naiunjika mbali ya kudzenjeko, naisalaza motsetsereka kulowera kuchipinda chogona. Anakhazika tailosi, naigogoda ndi chibakera mpaka inagwira.

Chitalu atatuluka kukayankha foni, Nora anathira timadzi patailosipo. Timadzito tinayenderera mwakachetechete, kulunjika pamene padzakhale bedi la madamu.

Anatipukuta ndi chitenje chake chakuda, natenga tailosi yachiwiri.