Nkhupakupa ya Lettie

"Vula! Siketi imeneyo ndinagula ndine ku Kyela."

"Anandipatsa yekha, amama."

"Amama ndani? Amako ali kudambo, akupalira mpunga wa eni."

Esnart, mkazi wa wapolisi wa pa Uliwa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akumuyang'ana Wezzie, mnzake wa mwana wake, kuyambira kumapazi. Nsapato, za Lettie. Siketi, ya Lettie. Foni ili m'manjayo, ya Lettie yemweyo, mwana wake mmodzi yekha. Kamtsikana kouma ngati usipa wa chaka chatha, kolowa m'nyumba ya eni osaodira.

Chitulukireni zotsatira za mayeso a Fomu 4, dzina la Lettie osaoneka, nkhupakupa imeneyi sinachoke pa mwana wake. Lettie akapita kumjigo, iyo pambuyo. Akalowa m'bafa, iyo pamwala panja, nkumaitana, "Lettie, ulipo?" ngati munthu angasungunuke ndi sopo. Kugona komwe, bedi limodzi.

Chonsecho Lettie anali atachira. Uja ankangodzitsekera kuchipinda, chakudya nkumazizira pakhomo, tsopano akuseka, akuchapa, dzulo anazungulira anzake onse mpaka amalume ake kukawaona. Mtima wabwino basi, wotengera mayi ake. Ndipo mtima wabwino ndi pomwe nkhupakupa imalumapo.

"Umphawi si tchimo," anatero Esnart, "koma wakowu uli ndi mano. Wamaliza sutikesi yonse, watsala pang'ono kupempha khungu lake. Mawa ine ndi bambo ake tikupita ku Boma. Ndisamve kuti unaponda pano. Lettie atsale yekha, apume."

"Yekha ayi."

"Ukuti chiyani iwe?"

Wezzie anawerama, kuvula nsapato zija, kuziika pakhonde, foni pamwamba. Esnart anatsonya. Mbava ikagwidwa imakhala ndi ulemu. M'nyumbamo Lettie ankasesa, akuimba motsitsa.

"Anandilumbiritsa kuti ndisanene," anatero Wezzie, mawu ali pansi. "Koma ndatopa, amama, sindigona. Zonsezi anandipatsa akuti sadzazifunanso. Anthu aja dzulo amakawatsanzika. Akungodikira tsiku loti atsale yekha."

Manja a Esnart anatsika kuchoka m'chiuno.

"Ine munditukwane mmene mungathere. Chomwe ndikufuna, mulowe, mukhale naye pansi, mumufunse inuyo, osakalipa. Lettie akufuna kudzipha."