Kachingwe ka Mlamu

"Yagwila! Ba mulamu, yagwila!"

Ndodo yowedzera ya Nkandu inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Chilufya, mlamu wake, ankangodikira kuti chingwe chiduke. Sankakayika, poti anachisankha yekha.

Kale ku komboni ya Kuku ukatchula mbedza unkatchula Chilufya. Koma chibwerere Nkandu kuchokera ku Kitwe, dziwe la pokumba miyala linayamba kukondera mlendo. Ndiye m'mawa umenewo Nkandu atapempha chingwe, Chilufya anasunga chokhuthala n'kumupatsa kachingwe kowonda ngati tsitsi.

"Donsani na mphamvu!" anakuwa Chilufya pomuuza kuti akoke, mumtima akuti kaduke basi.

Nkandu sanamve n'komwe. Nsomba ikathawa ankailekerera, ikatopa ankakoka pang'onopang'ono, mpaka inagona pamiyala: chinsomba chija amati blaki basi, kukamwa kolowa chibakera. Chilufya anakalambira padziwepo osaonapo yotere.

Anthu anakhamukira ndi mafoni, akuyamikira Nkandu. Nkandu anakweza nsomba ija, kenaka anakoka mlamu wake pamkono.

"Osatasha ine, tashani aba! Manzi apa ni yoyela, nsomba ikulu ikaona nthambo imathawa. Beve banaziba, banipasa kamene sikaoneka, basala na yoipa. Mulamu wa so mungamupeze kuti?"

Anthu anaomba m'manja. Chilufya anamwetulira ndi mano okha.

Nkandu anamupatsira foni. "Nikopeni, mulamu, nsomba ioneke yonse. Na mawa mukanipasenso kamene aka, ai?"