Khosi la Mkamwini

Minibasi inamutsitsa Bernado pa Malomo kutada kale. Ruti, bwenzi lake, ankamudikira ndi tochi.

"Khosilo lili bwanji?" anafunsa Ruti.

"Mabampu alimaliza. Adokotala akuti mtsempha wapanikizika, ndiye ululu ukutsika mpaka m'zala."

"Limbani mtima. Amalume akuti anyamata a ku Lilongwe nonse ndinu amwano. Akakana iwowo, ukwati palibe."

Atafika kumudzi, Bernado analephera ngakhale kudzutsa mutu. Popereka moni kwa amalumewo, a Kachingwe, anachita kuchirikiza mkono wamanja ndi dzanja lamanzere kuti usagwe. Atamupatsa mpando wa ndalema anaukana, n'kukhala pamphasa atatsamira khoma. Mayi ake a Ruti atamulonjera cha kumbali, iye sanathe kucheuka. Anangoyankha maso ali pansi.

A Kachingwe anamuyang'anitsitsa kwa nthawi.

"Alongo, mwaona?" anatero kwa mayi a Ruti. "Apongozi ake sakuwayang'ana n'kumaso komwe. Ulemu woterewu ndinauona komaliza ndili mnyamata. Akauze akwawo abwere tidzakambirane."

M'mamawa Ruti anamuperekeza ku siteji. Bernado anakwera minibasi pang'onopang'ono ngati wasenza dengu la mazira.

"Ndikangofika ndithamangira kuchipatala, akandiwongole khosili," anatero.

Ruti anasuzumira pawindo n'kutsitsa mawu.

"Pitani ndithu, koma mukawauze adokotalawo asapupulume. Chinkhoswe n'cha mwezi wamawa."